Sendera

Tsiku lomaliza kuwaona achimwene anga a Zakeyo ali moyo, tinali pa benchi, pakhonde la chipatala. Benchiyo inali yaitali, ya thabwa limodzi, yoterera chifukwa cha kukhalidwa. Dzuwa linali paliwombo. Anthu ena onse anali atathawira pansi pa mtengo wa mango, ndiye pabenchipo tinatsala awiriwiri.

Iwo anali atatumiza uthenga woti ndisabwere. Inali sabata ya mayeso ku koleji, ndipo ku kolejiko anandipititsa ndi iwowo, ndi kanyundo kawo kokhomera ndowa ndi mbaula, pakuti makolo athu anatisiya ine ndisanagweluke mano. Ine ndinabwerabe. Nditafika sanandipatse moni. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Wadzatani?"

"Ndadzakuonani, achimwene."

"Ndine kanema ine?"

Ndinakhala pansi, ndikusiya pakati pathu kampata kokwana mwana wamng'ono. Anali atawonda kwambiri, kolala ya malaya ikuzungulira khosi ngati mkombero wa lichero. Anatsokomola nthawi yaitali. Atatha, anatsinzina, nkunena mawu amodzi.

"Sendera."

Basi. Sanati sendera kuno. Sanati sendera uko. Manja awo anali pamawondo, sanaloze kulikonse.

Ndinasendera uko, mpaka kumapeto kwa benchi. Iwo anagona chammbali, mawondo atapinda, tsaya lili pathabwa louma. Pakati pa tsitsi lawo ndi ntchafu yanga panatsala mpata ngati wa chikhatho. Tinakhala choncho mpaka namwino anaitana dzina lawo. Anadzuka okha, anakana dzanja langa, nkulowa pachitseko chobiriwira. Patapita nthawi alamu anga aNazimbiri, akazi awo, anatuluka nkundiuza kuti, "Akuti upite ukalembe mayeso."

Ndinapita. Uthenga wa imfa yawo unandipeza pakhomo la chipinda cholembera. Ndinalowabe, ndinakhala pa desiki, ndinalemba dzina langa pamwamba pa pepala. Kenako ndinayang'ana pepala loyeralo ndipo mawu okhawo amene anali m'mutu mwanga anali aja amodzi. Ndinaika cholembera pansi nkutuluka. Ku koleji sindinabwererenso.

Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinawapeza alamu kuseri kwa nyumba akusanja malata odulidwadulidwa amene achimwene anasiya. Ndinawafotokozera za pabenchi paja.

"Alamu, ankatanthauza chiyani? Ankandiitana kapena ankandithamangitsa?"

Anaseka, maso ali otupa.

"Achimwene ako sankamaliza mawu. Nyundo ija inawadyera theka la zokamba. Ngakhale ine anandifunsira ndi theka la chiganizo."

"Ndiye munadziwa bwanji?"

"Sindinadziwe. Ndinangotenga chitenje changa nkubwera. Ndinati ngati ndalakwitsa andibweza."

"Nanga ine ngati ndinalakwitsa?"

Anatola chidutswa cha lata, nkuchiyang'ana mbali zonse, nkuchiika pa mulu.

Vuto langa linali ili. Ngati anati sendera uko, ndiye kuti anamwalira atandikwiyira, chifukwa ndinasiya mayeso amene iwo anawakhomera ndowa zaka zonse zija, ndipo mawu awo omaliza kwa ine anali ondikankha. Ngati anati sendera kuno, ndiye kuti munthu amene sanandipemphepo kanthu chibadwire anandipempha kamodzi, ine nkumuthawa. Mbali zonse ziwiri zinali zowawa, koma ndinafuna kudziwa kuti yanga ndi iti. Munthu sangasenze katundu amene sakumudziwa kuti wamangidwa bwanji.

Tsiku limenelo ndinadziuza kuti sindidzakhalanso pa benchi iliyonse kufikira nditadziwa. Ndinatenga malaya awiri nkuuyamba ulendo.

Ndinafika m'tauni ya fumbi lofiira, kumene misewu yonse inkathera pa depoti. Kumeneko mawu aja ndinawamva ndisanatsike nkomwe. Ankatuluka pakhomo la minibasi iliyonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinaganiza kuti malo amene mawu amanenedwa kwambiri ndi kumene amadziwika bwino, choncho ndinapempha ntchito ya ukondakitala kwa dalaivala wina, a Likongwe, bambo wamimba yaikulu amene ankatafuna chotokosera mano tsiku lonse.

Ntchitoyo inandiyenera chifukwa kondakitala sakhala pansi. Amawerama pakhomo, msana uli kudenga, nkhope ili pamwamba pa mitu ya anthu.

"Senderani, mayi! Anayianayi pamenepo! Bambo a chipewa, senderani!"

Ndinkanena, kenako ndinkayang'anitsitsa kuti ndione chimene thupi la munthu limachita likamva mawu amenewa. Sadzuka. Saponda nkomwe. Amangotsamira pa dzanja limodzi, nkukweza thako pang'ono, nkuliika pena. Ndinaonanso kuti mayi akasendera, wa kumanzere kwawo amapuma nkunena zikomo, pamene wa kumanja amadandaula kuti mukundipanikiza.

Tsiku lina tikudikira kuti galimoto idzaze, ndinawauza a Likongwe nkhani yanga. Anamvetsera chotokosera chikuyendayenda m'kamwa.

"Wa ku koleji, m'galimoto muno palibe amene amasendera kutali. Ukathawa wonyamula nkhuku, wafika kwa wonyamula usipa."

"Pabenchi paja panalibe wina. Tinali awiri."

"Ankakukonda achimwene akowo?"

"Sindikudziwa. Ankandidyetsa."

"Nanga ukufunanso chiyani? Enafe achimwene athu ankangotimenya, chakudya ayi. Mawu a munthu wodwala ndi utsi, aise. Ukufuna kumanga utsi m'thumba?"

"Ndiumanga."

"Yamba wamanga chitseko icho, chikugwa."

Ndinakhala nawo nyengo ya fumbi ndi nyengo ya matope. Tsiku lina masana, galimoto itadzaza, ndinaona munthu akudutsa pakati pa depoti atakoleka ndowa zatsopano paphewa, zikuwala ndi kulira. Ankayenda chopendekera kumanzere ngati achimwene. Ndinasiya chitseko chili chotsegula nkumutsatira. Anadutsa pamsika, anadutsa pachigayo, anawoloka kamlatho ka mitengo. Ndikafulumira, iyenso ankaoneka ngati wafulumira. Nditamupeza ndinamugwira malaya, ndipo anatembenuka. Anali mnyamata wamng'ono kwa ine, wa mano otalikirana.

"Mugula, achimwene?"

Nditabwerera pa depoti, a Likongwe anali atapita ndi kondakitala wina. Sindinawadikire. Msewu unali pomwepo, ndinaulowa.

Ndinafika m'mudzi wina m'munsi mwa phiri, kumene mphepo inkanunkhira utuchi. Kumeneko kunali kalipentala, a Kamtedza, munthu wolongolola, wopanda chala chimodzi chakumanzere. Anali atalandira ntchito yokhoma mabenchi a tchalitchi ndipo ankasowa womugwirira matabwa. Ndinati nditha. Anandiyang'ana m'manja.

"Manja awa agwirapo chiyani?"

"Cholembera ndi chitseko cha minibasi."

"Ndiye kuti sanagwirepo kanthu. Bwera."

Anandiphunzitsa kusongola sowo, kupala thabwa motsatira kumene mtengo unkalowera uli moyo, ndi kukhoma msomali osaupinda. Kwa iwo mawu aja ankabwera ndi mchira wina. Thabwa silisendera lokha, amachita kulisendeza. Ine ndimagwira mbali ina, iwo atatsinzina diso limodzi mbali inayo.

"Sendeza. Pang'ono. Pang'ononso. Aaa, wapitirira! Ndati sendeza, sindinati samutsa! Ukulipititsa kwa amalume ake?"

"Simunanene kuti mpaka pati."

"Nanga maso uli nawo a chiyani? Kusendera kuli ndi polekezera, mwana iwe. Ukapitirira pamenepo sunasendere, wachoka."

Mawu amenewo ndinawasunga. Sanandiyankhe funso langa, koma anandichepetsera. Amene akufuna kuti uchoke ali ndi mawu ake, amati choka. Achimwene mawu amenewo ankawadziwa bwino, ankauza agalu, ankauza oledzera odzatsamira pa malata awo. Ine sanandiuze. Komabe munthu ukhoza kumukankha pang'ono, ndipo kukankha pang'ono nkukankha ndithu.

Nditayamba kukhoma mabenchi anga ndekha, panachitika chinthu chimene mpaka lero sindichimvetsa. Ndinkayeza bwinobwino, a Kamtedza ataima pomwepo. Ndinkalemba mzere, ndinkadula pamzere. Koma m'mawa tikaika benchi yanga pambali pa yawo, yanga inkapezeka yatalikirapo ndi chikhatho chimodzi. Ina iliyonse chimodzimodzi.

"Mabenchi ako amakula ngati nkhaka," anatero a Kamtedza. "Ukuwathirira?"

"Ndidulenso?"

"Asiye. Akhristu achuluka chaka chino. Koma tandiuza, bwanji sukhalapo kuti uyese ngati ikugwedera?"

"Khalanipo inuyo."

"Kalipentala wosakhala pa benchi yake ali ngati wophika wosalawa. Anthu adzati wathiramo mankhwala."

Ndinkadya nditanjuta pansi, kapena chiimire. Iwo anazolowera.

M'mudzi umenewo nkhalango nayo inkasendera. Nditangofika, mitengo inkayambira kuseri kwa nyumba yomaliza. Mvula itagwa nkusiya, nkhalangoyo inali itafika pakati pa phiri. Itagwanso, inatsala kansonga kokha kobiriwira pamwamba, ngati chipewa. Palibe amene anaiona ikuyenda. Ocheka matabwa ankapita m'mamawa nkubwera dzuwa litapendeka, kenako anayamba kugonera komweko, kenako sanabwerenso. Tsiku lina a Kamtedza anamanga zida zawo pa njinga.

"Ndikutsatira mitengo," anatero. "Tiye."

"Ine ndikutsatira zina."

"Zako zija za mawu? Mwana iwe, udzafa chiimire ngati chitsa."

Anamasula sowo imodzi, yakale, ya chogwirira chomangidwa ndi waya, nkundipatsa. Anakwera phiri akukankha njinga, akuyankhulabe okha. Mawu awo ndinawamva nthawi yaitali iwo atasowa kale.

Pambuyo pake panapita zaka, kapena chinali chaka chimodzi chimene chinkangobwerera. Ndinaumba njerwa m'mudzi wa dothi lakuda. Ndinakankha wilibala m'tauni ina imene inalinso ndi depoti ndi chigayo ndi kamlatho ka mitengo, moti ndinayamba kukayika ngati ndinachokadi m'tauni yoyamba ija. Ndinalima maganyu m'mphepete mwa mtsinje umene chaka chilichonse unkadya munda wa tsidya lino nkusiya mchenga tsidya lina. A tsidya lino ankati mtsinje wasendera kuno, a tsidya linalo ankati wasendera uko, ndipo onse ankanena zoona.

Kulikonse ndinkatchera khutu. Ndinamva mayi akuuza mwana wake pamoto kuti sendera, ungapse. Ndinamva mayi yemweyo, mwezi wozizira, akuuza mwana yemweyo kuti sendera, uwothe. Ndinamva pa maliro, pa ukwati, pa mzere wa pachitsime. Nthawi zonse panali dzanja, kapena chibwano, kapena diso, lomaliza zimene pakamwa pasiya. Achimwene okha ndi amene ananena atatsinzina, manja ali pamawondo. Nthawi zina ndinkawakwiyira. Ndinkati, munthu wamkulu, mawu awiri okha anakukanikani? Mwandisiyira theka la chiganizo ngati cholowa, ena amasiyirana minda. Ndikatero ndinkakumbuka khosi lija m'kolala, mkwiyo nkuphwa, ulendo nkupitirira.

Kenako ndinafika pa mphambano ina, kufupi ndi madambo a mpunga. Panali kanyumba kogulitsiramo tiyi, kopakidwa laimu, ka khonde laling'ono. Mwini wake anali mayi wachitsikana, Dolika, wamtali, wa mawu osasa ngati wangodzuka kumene. Ataona sowo ikutuluka m'chikwama changa anandiitana.

"Inu a sowo! Imagwira ntchito kapena ndi yoopsezera agalu?"

"Imagwira."

"Ndikufuna benchi ya pakhonde apa. Makasitomala akundithera mabokosi a sopo."

Ndinayeza khondelo, iye akuona. Ndinagula thabwa, ndinapala, ndinakhoma. M'mawa titaiika, inatulukira kunja kwa khonde ndi chikhatho chimodzi, pomwe madzi a padenga amagwera.

Dolika anaizungulira, manja ali m'chiuno.

"Kotsalaka ndi ka ndani? Ka mzimu?"

"Mwina."

"Mzimuwo uzilipira tiyi."

Sanandiuze kuti ndidule. Ndinakhala pa mphambanopo, ndikukonza zitseko ndi mipando ya anthu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamwa tiyi wake chiimire, pakhomo. Tsiku lina anatuluka ndi ketulo yowira nkundipeza nditatseka njira.

"Senderani."

"Kuno kapena uko?"

Anaika ketulo pansi.

"Abale inu! Munthu ndi ndevu zake kufunsa kosenderera? Ndikuthireni kuti mudziwe?"

Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinamuuza zonse pomwepo, tiyi akuzizira m'kapu. Khonde la chipatala, uthenga woti ndisabwere, mawu amodzi aja, mayeso, depoti, phiri. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense.

"Ndiye mwayenda dziko lonseli chifukwa cha liwu limodzi?"

"Eya."

"Ine mwamuna wanga woyamba anandiuza mawu odzaza nkhokwe. Lero mutandifunsa, sindikumbuka ngakhale amodzi." Anatola ketulo. "Kaya ndani ali ndi mwayi pakati pa ine ndi inu."

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundiikira sikono pambali, ndipo sipanatenge nthawi kuti asiye kunditchula kuti inu. Ndinamukhomera mashelefu. Anandisokera malaya pamene anang'ambika paphewa. Anthu a pamphambano anayamba kunditcha bambo a kwa Dolika, ndipo iye sankawakonza. Masana makasitomala akachepa, ankakhala pa benchi ija akusenda mbatata, ine nditatsamira nsanamira.

"Khala pansi," ankatero.

"Sindinadziwe."

"Akufa sayankha, iwe."

"Ayankha. Kungoti sindinafike pomwe ayankhire."

Mpunga utacha m'madambo, kunamveka kuti kutsidya kwa mtsinje kukufunika anthu omweta. Miyendo yanga inayamba kuyabwa monga inkachitira. Ndinamuuza Dolika kuti ndikupita. Anapitiriza kutsuka makapu osandiyang'ana.

"Kumeneko kuli sukulu ya mawu?"

"Pano ndamvetsera kokwanira. Palibe."

"Pano pali ine."

"Ndikudziwa. Koma ndikakhala ndisanadziwe, udzakhala ndi munthu woima pakhomo moyo wako wonse. Ndidzakutsekera njira ya ketulo."

Anatembenuka, madzi akudontha m'zala.

"Pita. Ndipo umvetsetse bwino, poti iwe mawu amakuvuta. Ndati pita. Sindinati sendera."

Sowo ndinaiiwala kuseri kwa chitseko chake. Kapena sindinaiiwale.

Kutsidyako dziko linali lathyathyathya, lopanda poyang'ana. Tinkamweta mpunga titawerama kuyambira mame asanaume, tinkamanga mitolo, tinkapuntha. Udzudzu unali wochuluka moti tinkaupuma. Sabata zingapo zitapita ndinayamba kumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Ndinapitiriza. Tsiku lina chikwakwa chinagwa chokha m'manja, ndipo munda wonse unapendekeka ngati mbale.

Mnzanga wina wa kabaza, amene ankadutsa pa mphambano ija tsiku ndi tsiku, anandikweza pa njinga yake kupita nane ku kachipatala ka m'deralo. M'njira anati akamuuza Dolika.

"Ukamuuze kuti asabwere," ndinatero. "Ino ndi nyengo ya ogula mpunga. Akatseka tsiku limodzi, makasitomala apita kwina."

Anandisiya pakhonde. Panali benchi yaitali, ya thabwa limodzi, yoterera chifukwa cha kukhalidwa. Ndinaiyang'ana. Ndinayesa kuima nditagwira nsanamira, koma mawondo anakana, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere kwathu ndinapezeka nditakhala pa benchi. Sindinasankhe. Thupi linasankha lokha.

Mzere unali wautali, namwino anali mmodzi. Dzuwa litafika paliwombo, anthu ena onse anathawira pansi pa mtengo. Ndinatsala ndekha, mano akugundana. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Nditakweza maso ndinaona munthu wamtali akubwera mumsewu, fumbi lili mpaka m'mawondo, atanyamula fulasiki.

Mtima wanga unadumpha ngati mwana wa mbuzi. Ndinafuna kuimirira, ndinafuna kulira, ndinafuna kumuuza kuti chifikireni kuno ndakhala ndikuyang'ana msewu umenewu. Koma ndinaganizanso za kanyumba kaja kali kotseka, ogula mpunga akugogoda nkubwerera, zonsezo chifukwa cha ine. Ndipo chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi:

"Wadzatani?"

"Ndadzakuona."

"Ndine kanema ine?"

Nditangotero ndinazizidwa kuposa malungo. Mawuwo sanali anga. Ngakhale kakhosi kake sikanali kanga.

Dolika sanakhumudwe. Anati, "Kanema wake wosasangalatsa," nkukhala pansi, kusiya pakati pathu kampata kokwana mwana wamng'ono.

Mutu wanga unali wolemera ngati mwala wa mphero. Khosi linatopa kuusenza. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha padziko lonse lapansi, kuugoneka pamiyendo pake. Koma anali pafupi kwambiri, ndikanati ndigone ndikanangomugwera paphewa. Ankayenera kupita uko pang'ono kuti ndimufike. Kufotokoza zonsezo kunkafuna mpweya umene ndinalibe, komanso munthu wamkulu supempha zoterozo pakhonde la chipatala, anthu akuona. Ndinatsinzina. Manja anali pamawondo, olemera osanyamulika.

"Sendera."

Ndinamva nsalu ikukhwekhwereza pathabwa. Anasendera uko. Anaima. Ndinapendekeka, ndikuyembekeza kuti tsaya likumana ndi thabwa louma, koma linakumana ndi chitenje chofunda, chonunkhira utsi ndi masamba a tiyi.

"Mutu ngati dzungu," anatero. "Muli chiyani m'menemu?"

Ndinagona choncho, mawondo atapinda, ndikuona mtengo uja chammbali. Ndipo ndinaiona benchi ina ija, yonse, kutalika kwake konse. Inali yopanda anthu. Munthu wofuna kugona yekha akanatha kugona kuloza kwina, nkundisiyira mapazi. Achimwene akanatha osandiuza nkomwe kanthu, malo anali ambiri kumbali yawo. Koma anandiuza, nkudikira kuti ndisunthe, kenako anagona kuloza kwa ine. Tsitsi lawo lija linali pafupi ndi ntchafu yanga. Zaka zonsezi ndinkamvetsera pakamwa pawo, pamene yankho analipereka ndi thupi lonse, ine ndikuona.

"Anandipatsa mutu," ndinatero.

"Ukubwebweta. Gona."

"Achimwene. Sanandipatse mapazi, Dolika. Anandipatsa mutu."

Dzanja lake linafika pamphumi panga.

"Ndiye anati kuno kapena uko?"

"Anati uko, kuti afike kuno. Ine ndinapitirira." Ndinakweza dzanja, ndinatambasula chikhatho kuti aone. "Chonchi basi."

Ndinalira pamenepo, mosabisa, misozi ikulowa m'chitenje chake. Kunali kulira kowawa, pakuti mutu uja unagona pathabwa louma ine ndili pomwepo, ndipo palibe chimene chingabweze zimenezo. Koma sanamwalire atandikwiyira. Anandiona ndikubwera mumsewu, mtima wawo nkudumpha ngati wangawu, nkundifunsa kuti wadzatani. Dolika sanandiletse kulira. Anangophimba nkhope yanga ndi nsonga ya chitenje kuti a pansi pa mtengo asaone, nkunena chapansipansi:

"Nanenso ndinangoyerekeza, usaganize kuti ndine mneneri. Ndikanapitirira, ukanachita bwanji?"

"Ndikanagona pathabwa."

"Osanena kanthu?"

"Osanena kanthu."

"Mtundu wanu ndi wovuta," anatero. "Tsegula pakamwa, umwe tiyi asanakuitane."

Namwino ataitana dzina langa, Dolika anandipatsa dzanja. Ndinatsala pang'ono kulikana. Ndinaligwira.

Nditachira tinabwerera limodzi pa mphambano. Sowo ija inali pomwe ndinaisiya, kuseri kwa chitseko, itapakidwa mafuta ophikira kuti isachite dzimbiri. Ndinaitenga, ndinatulutsa benchi pabwalo, ndinaika chikhatho changa kumapeto kumene mvula inadetsa, ndinalemba mzere ndi khala.

"Ukuchotsa malo a mzimu?" anafunsa Dolika ali pakhomo.

"Wapeza pogona."

Ndinadula. Kachidutswako ndinakaika m'chikwama, kuti ndikawaonetse alamu aNazimbiri ndikawauze theka lina la chiganizo chija. Tinanyamula benchi, wina uku wina uku, nkuibwezera pakhonde. Inalowa ndendende. M'mawa mwake ndinadzuka nkukaiyang'ana, ndipo inali isanakule.

Dolika anatuluka ndi makapu awiri nkukhala pakati penipeni pa benchi, dala, miyendo atatambasula.

"Sendera," ndinatero.

Anasendera. Ndinakhala pansi.

Linali Lachiwiri, pa 13 Juni 2017.